Munthu akamatchedwa wozizira

Wodwala akandiuza kuti akuzizidwa, ndimayamba ndamuyeza kutentha kwa thupi. Thupi labwinobwino limakhala pa madigiri pafupifupi 37. Kunja kukazizira, mitsempha ya magazi yapakhungu imafinyika kuti magazi ofunda akhale kumtima, kumapapo ndi kuubongo. N'chifukwa chake zala ndi mapazi zimayambirira kuzizira. Kunjenjemera nako ndi njira ya minofu yopangira kutentha. Madigiri akatsika kufika pansi pa 35 ndiye kuti zafika poopsa, makamaka kwa makanda ndi okalamba. Koma wongozizidwa nthawi zonse, anzake akutuluka thukuta, timamuyeza ngati magazi achepa kapena ngati chithokomiro chafooka.

Mtima umachitanso chimodzimodzi. Woferedwa, wozunzidwa, kapena wodwala matenda a kukhumudwa amadzipinda, kusiya kucheza, kuseka osaseka. Ena amati wayamba kunyada, pomwe mnzathuyo wangozizira nkhongono.

Komwe mawuwa amapweteka zedi ndi kuchipinda. "Mkazi wanga ndi wozizira," amatero bambo, mayi ali phee pambali, maso pansi. Zimandiwawa, chifukwa mawuwo amaweruza munthu asanafunsidwe n'komwe. Mayi woyamwitsa amakhala ndi mahomoni ambiri a prolactin, opangitsa mkaka, pomwe mahomoni achikazi a estrogen amatsika; chilakolako chimachepa, kumaliseche kumauma. Zimachitikanso posiya kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Pakauma pamapweteka, ndipo palibe amene amalakalaka chinthu chomuwawa. Abambo nawo zimawagwera: shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimawononga mitsempha yodzutsa chida, mowa ndi fodya n'kuwonjezera. Mankhwala ena, monga fluoxetine wa matenda a kukhumudwa, amachepetsa chilakolako kwa amuna ndi akazi omwe. Nanga kutopa, ngongole, mkangano wa masana womwe sunathe? Zonsezi zimakafika pamphasa.

Ndinenenso kuti anthu sitifanana. Ena chilakolako chawo n'chochepa chibadwire, ndipo ngati sizikuwasautsa, si matenda. Enanso chimawabwerera pang'onopang'ono akayamba kusisitidwa ndi kulankhulidwa mokoma, osati chisanayambe chilichonse.

Banja likabwera ndi nkhaniyi, ndimafunsa aliyense payekha: zinayamba liti, pali ululu kodi, mukumwa mankhwala anji, mukugona tulo tokwanira? Ngati ndi mankhwala, musawasiye panokha. Tikhoza kusintha mlingo kapena mtundu wake. Mayi ndimamufunsanso, mwamuna atatuluka, ngati pakhomopo amakhala mwamantha.