Thandizo la boma ku Abbey Theatre mu 1925: mafunso ndi mayankho

Kodi dongosololi linali lotani?

Mu 1925 boma la Irish Free State (dzina la panthawiyo la mbali ya Ireland imene inali itangoyamba kudzilamulira kuchoka mu ulamuliro wa Britain), kudzera mwa nduna ya zachuma Ernest Blythe, lidayamba kupereka mapaundi 850 pachaka ku nyumba ya zisudzo ya Abbey mumzinda wa Dublin. Panthawiyo m'maiko onse olankhula Chingerezi munalibe nyumba ina ya zisudzo yolandira ndalama za boma mwanjira imeneyi.

N'chifukwa chiyani boma lidasankha Abbey?

Chitsegulireni mu Disembala 1904, motsogozedwa ndi alembi W. B. Yeats ndi Lady Gregory, nyumbayi inkaonetsa anthu a ku Ireland nthano za makolo awo, zimene zidagona zaka mazana ambiri m'mipukutu ya chinenero chawo. Usiku woyamba anthu adaonera On Baile's Strand, sewero la ngwazi ya ku Ulster, kumpoto kwa Ireland, yotchedwa Cú Chulainn, imene idapha mwana wake yemwe mosadziwa. Omenyera ufulu adaikonda ngwaziyi kotero kuti mmodzi wa atsogoleri awo, Patrick Pearse, ankaiika ngati chitsanzo pamaso pa anyamata a pasukulu yake ya St Enda's. Pamene omenyera ufulu adaukira ulamuliro wa Britain pa Pasaka mu 1916, woyamba kufa mwa oukirawo anali Seán Connolly, wochita zisudzo ku Abbey komweko.

Kodi ndalamazo zinali ndi lamulo lake?

Inde. Boma lidaika munthu wake pakati pa oyendetsa nyumbayi, katswiri wa zachuma George O'Brien.

Ndiye kuti boma linkatha kuletsa sewero?

Mphamvu imeneyo idayesedwa msanga, ndipo idalephera. O'Brien adadandaula ndi mbali zina za The Plough and the Stars, sewero la Seán O'Casey, koma Lady Gregory adanenetsa kuti n'kwabwino kutaya ndalamazo kusiyana ndi kutaya ufulu wosankha zoonetsa, ndipo apa mayiyu adaima pachoonadi. Nyimbo imodzi ndi mawu ena zidachotsedwa, sewero n'kuonetsedwa mu Febuluwale 1926.

Mkwiyo weniweni udachokera kwa oonera. Ataona mbendera ya Ireland ikulowetsedwa m'malo omwera mowa mmene munali mkazi woyendayenda, anthu adachita chipolowe, ena mpaka kukwera pabwalo la sewero. Wotsogolera otsutsawo anali Hanna Sheehy-Skeffington, amene mwamuna wake adaomberedwa ndi asilikali a Britain mu 1916, choncho chisoni chake sichinali chopeka. Komabe sewerolo lidapitirira kuonetsedwa, ndipo boma silidaimitse thandizo lake.