Ngozi za mu Disembala si za ufiti

Chaka chikamatha, pa WhatsApp pamayenda mauthenga akuti a Satanic akufuna magazi, n'chifukwa chake ngozi zachuluka pa msewu wa M1. Ili ndi bodza, ndipo likubisa zenizeni zimene zikupha anthu.

Mu Disembala mvula yayamba, phula limaterera, maenje amabisika m'madzi. Minibasi yapakira mopyola muyeso, matumba a feteleza ali pansi pa mipando, matayala anatha kalekale, dalaivala akuthamangira kukanyamula ena, mwina atalawako mowa.

Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Dalaivala akayang'ana foni masekondi awiri okha, wayenda mamita oposa 50 asakuona wakabaza amene ali kutsogolo kwake. Liwiro likanyanya, apaulendo musakhale chete: mudzudzuleni, akakana mutsike pa siteji yotsatira.