Mafunso ndi mayankho pa za maphunziro a matabuleti kwa aphunzitsi a m'zoni yathu kuno ku Dedza

Masabata awiri apitawa pakhomo pa TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yathu, pakhala posatha anthu. Ena akufika ndi njinga chifunga chisanachoke, ena akuimba foni usiku anthu tagona kale. Nkhani yake ndi imodzimodzi: dzina langa lili kuti, nanga ndalama yathu ibwera liti. Taona kuti n'kwabwino tiyankhe pamodzi, kuti a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni muno, apezeko mpata woyendera sukulu m'malo mokhalira kubwereza mawu amodzi tsiku lonse. Zolembedwa pano ndi za zoni yathu yokha. Anzathu a ku Linthipe, ku Lobi kapena kumunsi ku Mtakataka atha kukhala ndi kachitidwe kosiyanako, ndiye musapite nazo izi kukakangana ndi a PEA a eni.

Maphunzirowa ndi a chiyani?

Ndi ophunzitsa aphunzitsi kagwiritsidwe ntchito ka matabuleti, mahedifoni ndi zipangizo za sola, komanso kaphunzitsidwe kogwiritsa ntchito mawu ojambulidwa, zithunzi ndi makanema.

Pali kulipira kuti munthu alowe nawo?

Ayi. Wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti dzina lanu lilowe, dziwitsani a PEA tsiku lomwelo.

N'chifukwa chiyani anzathu asankhidwa, ife n'kusiyidwa?

Mayina sachokera ku ofesi ino. Ife timatumiza chiwerengero cha malo ku sukulu iliyonse, ahedi ndiwo amalemba mayina, potsatira mfundo imodzi: ayambe ndi amene akuphunzitsa Sitandade 1 mpaka 4 chaka chino. Tikuti chaka chino, osati amene anaphunzitsako makalasiwa kale, kapena amene akuyembekeza kudzapatsidwa teremu ikubwerayi. Chifukwa chake n'chapafupi. Zomwe zili m'matabuletimo ndi kuwerenga Chichewa ndi masamu a ana aang'ono, ndipo amene adzagawe matabuletiwo m'mawa uliwonse ndi mphunzitsi wa kalasi imeneyo.

Tikuvomera kuti pa gulu loyamba la aphunzitsi omwe anaphunzitsidwa, mfundo imeneyi sinatsatidwe paliponse. M'sukulu zina munatumizidwa aphunzitsi achinyamata a Sitandade 7 ndi 8 poti ndiwo "amazidziwa za mafoni", amadamu a Sitandade 1 n'kutsala. Mwina kalata yathu sinamveke bwino, mwinanso ahedi ena anaganiza kuti akuthandiza. Zotsatira zake tinaziona poyendera: wophunzira za tabuleti ali kalikiliki kukonzekeretsa ana mayeso a PSLCE a Sitandade 8, pomwe amene ali ndi ana zana limodzi a Sitandade 1 sakudziwa pobonya kuti chipangizocho chiyake. Pa gulu lachiwiri tapempha kuti dzina lililonse libwere ndi kalasi yomwe munthuyo akuphunzitsa, ndipo tiziyerekeza ndi taimutebulo yomwe ili pakhoma mu ofesi ya ahedi.

Za mphekesera zoti ena analowa chifukwa cha chibale kapena kupemphera kumodzi ndi ahedi, sitingayankhe nkhani ya m'maluwa. Ngati muli ndi umboni, lembani kalata, musayine dzina lanu.

Nanga aphunzitsi othandizira, ndi ophunzira a ku koleji omwe ali pasukulu pathu?

Apa tiyankha mosamala. Mphunzitsi wothandizira amene wapatsidwa kalasi yakeyake pakati pa Sitandade 1 ndi 4 akuyenera kudziwa zipangizozi, ndipo ahedi angathe kumulemba. Koma kulowa m'chipinda chophunzirira ndi kulowa pa fomu ya malipiro ndi zinthu ziwiri. Mafomu ena amafuna nambala ya ntchito ya boma, ena safuna, malinga ndi amene akulipira maphunzirowo. Funsani musananyamuke kunyumba.

Ophunzira a IPTE, omwe akuphunzira uphunzitsi wa pulayimale, kaya achokera ku St Joseph's ku Bembeke kaya ku koleji ina, sawerengedwa pa malo a sukulu chifukwa sadzakhalitsa. Aziphunzira kwa mphunzitsi wowayang'anira, ndipo musawaletse kugwira matabuleti. Ambiri mwa iwo amagwira msanga kuposa ife.

Kodi alawansi ilipo kapena palibe?

Ili ndiye funso lomwe ladzaza anthu pakhomo pano, ndipo si funso lochititsa manyazi. Munthu wachokera kuseri kwa phiri, walipira kabaza wa njinga yamoto kubwera ndi kubwerera, sangakondwe kungouzidwa zikomo.

Chisokonezo chagona poti misonkhano ilipo ya mitundu iwiri. Pali maphunziro oitanitsidwa ndi kalata yochokera kumtunda, okhala ndi bajeti yakeyake. Pa amenewa, ngati pali ndalama ya ulendo kapena ya nkhomaliro, kalatayo imanena, ndi mlingo wake womwe. Chomwe sichinalembedwe m'kalatamo, musachiwerengere, ngakhale mutamva kuti a zoni ina analandira. Ndiye pali CPD, kuphunzitsana kwa aphunzitsi ali pantchito, ya pasukulu kapena ya sukulu zoyandikana, pomwe amene anaphunzira akugawirako anzawo. Imeneyi ndi mbali ya ntchito yathu ya masiku onse, ndipo kawirikawiri sikhala ndi alawansi. Nthawi zina pamapezeka chakumwa ndi bani, koma kumeneko ndi kukoma mtima kwa komiti ya sukulu, si chinthu choti munthu angachikakamire. Tikudziwa kuti izi zimawawa: mnzako wapita ku maphunziro a ndalama, iwe ukudzaphunzira zomwezo kwa iye ulele. Sitinakonze ndife dongosolo limeneli, ndipo dandaulo lake tinalipereka kale kwa otiyang'anira.

Chachiwiri, ofesi ino sigwira ndalama m'manja. Timalemba mayina, inu mumasayina tsiku lililonse, fomu imapita, ndalama imabwera pafoni. N'zoona kuti ena a gulu loyamba sanalandirebe. Titafufuza tinapeza zifukwa zingapo. Ena analemba nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolembetsedwa m'dzina la amuna awo kapena la mwana, pomwe dzina la pa fomu ndi lina. Ena anaphonya nambala imodzi. Panalinso mizere ingapo yomwe siginecha ya tsiku lachiwiri sikufanana ndi ya tsiku loyamba, kusonyeza kuti wina anasayinira mnzake, ndipo mzere umodzi wotero umatha kuimitsa tsamba lonse.

Sitikunena kuti kuchedwa konse mwachititsa ndinu. Fomu ina inakhala m'kabati muno masiku angapo isanatumizidwe, ndipo limenelo ndi vuto lathu. Tsiku lolandira sititchula pano, chifukwa tinatchulapo kale ndipo linadutsa. Chomwe tikupempha n'chakuti aliyense amene sanalandire abwere ndi chiphaso cha unzika ndi foni yake, titsimikizire dzina ndi nambala pamaso pake. Musatume mnzanu.

Kodi izi si zongodutsa ngati zina zija?

Amene mwakhalitsa pantchito mukukumbuka wailesi za Tikwere zophunzitsira ana m'kalasi, ndipo mukudziwa komwe zambiri zinathera. Kukayika kwanu tikukumvetsa. Koma matabuleti sanayambe dzulo. Bungwe la VSO pamodzi ndi la onebillion, lomwe linapanga maphunziro a m'matabuletimo m'Chichewa, anayesa njirayi kwa zaka zingapo m'sukulu zina pansi pa Unlocking Talent. Mu 2023 Unduna wa Maphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT, yomwe cholinga chake ndi kufikitsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za pulayimale za boma, pang'onopang'ono.

Vuto lomwe akufuna kuthana nalo mukulidziwa kuposa ife. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero makalasi aang'ono ndi odzaza. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma ndani mwa inu wa Sitandade 1 ali ndi ana 60 okha? M'kalasi yotero simungathe kumva mwana aliyense akutchula "nkha" kapena "mphe". Tabuleti imamuyankha mwana aliyense payekha, nthawi yomweyo.

Ine ndatsala pang'ono kupuma pantchito ndipo foni yanga ndi ya mabatani. Ndivutikirenji?

Bwerani ndithu. Pa gulu loyamba panali amayi ena omwe aphunzitsa ana aang'ono zaka zambiri. Tsiku loyamba ankadina galasi la tabuleti mwamphamvu ngati akudinda chala pa fomu, ndipo pofuna kupita patsamba lina anayamba anyowetsa kaye chala ndi malovu, monga timachitira ndi rejisitala. Anthu anaseka, iwonso anaseka. Koma titafika pa kukhazika ana, anali iwowo amene anatiuza kuti mahedifoni asagawidwe ana asanakhale pansi, apo ayi zingwe zithera kukokana, komanso kuti nyimbo yomwe amaimbitsa potolera makope ndi yomweyo yotolera matabuleti. Wachinyamata wodziwa Facebook sakanaganiza zimenezo. Kubonya kumaphunzirika tsiku limodzi. Safunsa anadya phula, ndiye funsani ngakhale chooneka chaching'ono.

Ana akavala mahedifoni, ine ntchito yanga ndi yotani?

Si nthawi yolemba sikimu kapena yopita kukagula mandasi. Muziyenda pakati pa ana. Mupeza wina wavala hedifoni koma chingwe sichinalowe bwino, akungoyang'ana zithunzi osamva kanthu, ndipo sanena chifukwa cha manyazi. Mupeza wina akungobonya paliponse kuti amve kulira kwake. Wina wamupatsa mnzake kuti amuchitire. Wina akufinya maso kapena akusendeza tabuleti pafupi ndi mphuno, ndipo mwina ndi tsiku limenelo mungazindikire kuti mwanayo saona bwino. Zomwe mwaona mubwere nazo pa bolodi: ngati ana ambiri akukakamira pa kuchotsera kobwereka, phunziro lanu la mawa ladziwika kale. Tabuleti silowa m'malo mwa phunziro la kuwerenga la m'buku la mphunzitsi. Nthawi yake ndi yapadera, ndipo ili pa taimutebulo.

Tabuleti ikasweka kapena kubedwa, andidula malipiro?

Ofesi ino sinauzepo mphunzitsi aliyense kuti adzadulidwa malipiro chifukwa mwana wagwetsa tabuleti m'kalasi. Zinthu zogwiridwa ndi ana zimawonongeka. Chofunika n'kulemba m'buku tsiku lomwelo, nambala ya tabuletiyo ndi zomwe zachitika, n'kudziwitsa ahedi. Musayese kuitsegula, ndipo musapite nayo kwa okonza mafoni kumsika.

Nkhani imasintha ngati chipangizocho chawonongeka kapena kusowa chili kunyumba kwa munthu. Pamenepo sitingalonjeze kanthu, nkhaniyo imapita patsogolo. Pakachitika umbava, ahedi adziwitse komiti ya sukulu, amfumu ndi apolisi, kenako ife.

Tinene chilungamo, mantha amenewa atipweteka kale. Pali sukulu yomwe tinapeza matabuleti ali chitsekereni m'kabati, oyera ngati angofika kumene, poopa kuti angasweke. Ahedi anationetsa monyadira. Sitinawayamikire.

Mu June ndi July dzuwa silioneka masiku angapo. Sola igwira bwanji?

Funso ili ndi loona kwa ife a kumtunda kuno, kusiyana ndi anzathu a ku Golomoti. Chifunga chikakhazikika mabatire sadzaza bwino. Pukutani fumbi pa mapanelo, lumikizani matabuleti akangotha kugwira ntchito, ndipo tsiku lomwe moto wachepa lembani m'buku kuti gulu lakutilakuti silinaphunzire, lidzayambe ndilo mawa lake.

Ndingatchajireko foni yanga?

Ayi. Ya ahedinso ayi, ya apampando a komiti ayinso. Moto womwe timati wachepa chifukwa cha mitambo, nthawi zina umakhala wathera m'mafoni a mudzi wonse.

Sukulu yathu sinalandire matabuleti. Zikutikhudza bwanji?

Tsiku lofika matabuleti kwanu silikonzedwa ndi ofesi ino. Koma gawo lina la maphunzirowa silidalira tabuleti. Foni wamba ndi kasipika kakang'ono n'zokwanira kujambula gogo wa m'mudzi akusimba nthano, ana n'kumvetsera kenako n'kuyankha mafunso. Mutha kujambula mwana akuwerenga kumayambiriro kwa teremu ndi kumapeto, iye yekha adzimvere kusintha kwake. Wa Sitandade 6 kapena 7 atha kuonetsa ana zithunzi za pa miyala ya ku Chongoni, zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse lapansi mu 2006, pomwe ana ambiri a boma lomwe lino sanazionepo. Imeneyi ndi TALULAR yomwe ija, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, kungoti foninso tsopano ndi chinthu chopezeka pafupi.

Zinthu ziwiri zoti musamale. Koperani kanema kapena chithunzi muli pamalo pomwe netiweki ikugwira, musadikire kutsegula m'kalasi. A m'malire mukudziwa kuti foni imatha kulumphira ku netiweki ya ku Mozambique n'kukudyerani mayunitsi. Ndipo nkhope za ana musaziike pa WhatsApp kapena Facebook popanda chilolezo cha makolo ndi ahedi, ngakhale phunziro litakoma bwanji. Za bandulo, palibe thumba la ndalama zake ku ofesi ino.

Kodi maphunzirowa athandiza kuti ndikwezedwe pantchito?

Kukweza aphunzitsi ndi ntchito ya Teaching Service Commission, si ya TDC. Sungani kalata yokuitanani ndi umboni uliwonse woti munaphunzira, koma wina asakuuzeni kuti giredi yanu isintha chifukwa cha masiku amenewa.

Ndili ndi dandaulo lomwe silinayankhidwe pano. Ndipite kuti?

Yambani ndi ahedi anu. Ngati dandaulolo likukhudza ahediwo, bwerani kwa a PEA ndi kalata. Zikakanika pano, a PEA adzakulozerani ku ofesi ya maphunziro ku boma. Pobwera, chonde sankhani nthawi yoti mwaweruka, chifukwa Lachiwiri lapitali tinawerenga aphunzitsi a Sitandade 1 angapo ali pamzere pano nthawi ya m'mawa, ana awo atasiyidwa ndi monitala.