Zimagalimoto zogwedeza nthaka zija sizikuba oyilo ayi

Pali nkhani imazungulira pa WhatsApp kampani ikangofika kumudzi ndi zimagalimoto zikuluzikulu n'kuyala mawaya m'minda, akuti basi ayamba kale kupopa oyilo usiku mobisa. Abale, si zoona izi.

Zimagalimoto zija zimangogunda pansi kuti nthaka injenjemere, ndiye tizipangizo tomwe amazika m'mizere tija, ma geophone, timamva mmene phokoso labwererera kuchokera m'miyala, kompyuta n'kujambula mapu a pansipo. Kufufuza chabe. Oyilo sakhala ngati dziwe loti ungoponyamo paipi, amakhala m'timabowo ta miyala ngati madzi m'siponji, kawirikawiri pansi kwambiri, ndipo kuti atuluke pamafunika chinsanja chobowolera choti aliyense amachiona ali kutali. Ku Uganda anapeza oyilo mu 2006 kufupi ndi nyanja ya Albert koma patadutsa zaka zoposa 15 anali asanayambebe kugulitsa kunja.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi madzi. Ku Ogoniland ku Nigeria, lipoti la 2011 la UNEP, bungwe la United Nations loona zachilengedwe, linapeza benzene (poizoni wopezeka mu oyilo) m'zitsime za ku Nisisioken Ogale wopitirira mlingo wovomerezeka ndi WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, maulendo oposa 900, anthu akumwa madzi omwewo, ndipo linati kuyeretsa kungatenge zaka 25 mpaka 30.

M'mayiko ambiri lamulo limafuna lipoti la EIA, lounika mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe, asanabowole komanso kuti eni dera afunsidwe maganizo. Msonkhano umenewo musamaphonye, kafunseni kuti madzi akuda otuluka limodzi ndi oyilo azikawataya kuti, komanso ngati ayeza madzi a m'mijigo ntchito isanayambe.