Amwenye a ku Durban Sanabwere ndi Masitolo

Ambirife tikamva mawu akuti mmwenye timaganiza za mwini sitolo, ndipo timangoti amwenye onse anafika mu Africa ndi chuma kudzachita malonda. Mbiri ya ku South Africa ikutsutsa zimenezi.

Mu Novembala 1860 sitima yotchedwa Truro inafika ku Durban kuchokera ku Madras, mzinda wa ku India, itanyamula anthu odzalima nzimbe m'minda ya azungu ku Natal, chigawo chomwe kuli Durban. Ankasainira kontrakiti ya zaka 5, pa malipiro ochepa, ndipo wothawa ntchito ankamangidwa. Pofika 1911, pamene India inaletsa maulendowa, anthu oposa 150,000 anali atabwera motere. Ambiri anali alimi osauka olankhula Tamil, Telugu ndi Hindi.

Amalonda aja anabwera pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1870, makamaka ochokera ku Gujarat, chigawo cha ku India, atadzilipirira okha ulendo. Anali ochepa, koma poti sitolo imakhala m'mbali mwa msewu pomwe munda wa nzimbe uli kutali, ndiwo anaonekera kwambiri.

Kontrakiti ikatha mavuto sankatha. Lamulo la 1895 linaika msonkho wa mapaundi 3 pachaka kwa wofuna kukhalabe ku Natal ngati mfulu, ndalama yolemetsa kwa munthu wongochoka m'munda. Msonkhowu ndi womwe unautsa sitalaka ya 1913 yomwe Gandhi anatsogolera. M'nthawi ya tsankho, lamulo la Group Areas Act la 1950, logawa malo okhala potengera mtundu wa anthu, linasamutsa mabanja ambiri a ku Durban kuchoka m'dera la Cato Manor kupita m'dera la Chatsworth, komwe mpaka lero kuli amwenye ambiri osauka.