Mkangano wa pansi pa mtengo wa ku Bodh Gaya

M'chigawo cha Bihar ku India muli tawuni yotchedwa Bodh Gaya. Abuda amakhulupirira kuti kumeneku, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, Siddhartha Gautama anafika ali mafupa okhaokha chifukwa chodzimana chakudya. Mayi wina wa m'mudzi, Sujata, anamupatsa mpunga wophikira mkaka. Atapezako mphamvu anakakhala pansi pa mtengo wa mtundu wa mkuyu, n'kutsimikiza mumtima kuti sachokapo mpaka atamvetsa gwero la kuvutika kwa anthu. Kutacha anali atagalamuka, ndipo dzina lakuti Buddha limatanthauza zomwezo.

Patapita zaka zoposa 200, mfumu Ashoka inamanga kachisi pamalopo. Mwana wake wamkazi, Sanghamitta, anatenga nthambi ya mtengowo n'kukaibzala ku Anuradhapura, ku Sri Lanka, komwe ikadali moyo mpaka lero.

Koma Chibuda chinazilala m'dziko lomwe chinabadwira. Amonke atabalalika, kachisi wa pamalopo, wotchedwa Mahabodhi, anasanduka bwinja. Cha m'ma 1590 kunafika Mhindu wopembedza mulungu wotchedwa Shiva, ndipo omwe ankalowa m'malo mwake, otchedwa Mahant, ndiwo anakhala eni malo. Mu 1891 Anagarika Dharmapala, Mbuda wa ku Sri Lanka, atafikako, mtima unamuwawa kuona malo opatulika koposa a chipembedzo chake ali m'manja mwa ena. Anayambitsa bungwe la Maha Bodhi Society, anapita kukhoti, mlandu sunamukomere. Anamwalira mu 1933 asanaone chomwe ankalimbanira.

Lamulo la mu 1949 linapereka kachisiyu kwa komiti ya Abuda anayi ndi Ahindu anayi, wapampando n'kukhala bwanamkubwa wa boma la Gaya, ndipo kufikira 2013 wapampandoyo ankayenera kukhala Mhindu. Kunena zoona, a Mahant anasamala malowa pa nthawi yomwe kunalibe wowasamala, ndipo Ahindu ambiri amamutenga Buddha ngati mulungu wawo Vishnu wobwera m'thupi. Komabe ine dandaulo la Abuda ndimalimva. Ndani angakondwe kukhala mlendo pakachisi wa makolo ake?

Mu February 2025 amonke anayamba kusala kudya pofuna kuti lamulolo lichotsedwe. Kuseri kwa kachisi, alendo ochokera ku Thailand, Myanmar ndi Japan ankangokhalabe chete pamthunzi uja, tsamba likathothoka wina n'kulitola msanga kuti akalisunge kwawo.