Ana a mdani nawonso amalira njala

Galimoto yolembedwa Save the Children ikamadutsa m'mudzi, ambiri amayesa ndi bungwe limodzi lalikulu la ku Ulaya. Ife ogwira ntchito zosamalira ana timadziwa kuti ndi banja la mabungwe, lililonse ndi komiti yake komanso thumba lake. Gwero la zimenezi ndi nkhondo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, Britain ndi anzake anapitiriza kutseka njira zolowetsera chakudya ku Germany ndi Austria. Ana ku Vienna anaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Mu 1919, mayi wina wa ku Britain, Eglantyne Jebb, ankagawa ku Trafalgar Square mu London timapepala tokhala ndi chithunzi cha mwana wa ku Austria wofooka ndi njala. Anamangidwa n'kulipitsidwa chindapusa cha mapaundi 5. Chaka chomwecho, iye ndi mng'ono wake Dorothy Buxton anakhazikitsa Save the Children Fund.

Apa m'pamene ndimaona kulimba mtima kwawo. Ankapempha makolo amene ana awo anafera kunkhondo kuti adyetse ana a mdani. Pempho lotere silimveka likachokera kwa mlendo. Limafuna munthu wakwanu, wolankhula chinenero chako, amene mawa ungathe kumufunsa kuti ndalama zija zapita kuti. N'chifukwa chake ntchitoyi inafalikira kudzera m'nthambi. Ku Sweden anayambitsa Rädda Barnen mu 1919, ndipo mu 1920 kunakhazikitsidwa mgwirizano ku Geneva wolumikiza nthambizo popanda kuzilanda ufulu. Chilala chitavuta ku Russia mu 1921, makhitchini a bungweli ku Saratov anadyetsa ana ochuluka zedi.

Ku Geneva komweko Jebb analemba mfundo za ufulu wa mwana, zomwe League of Nations, bungwe la mayiko a dziko lonse la nthawi imeneyo, inavomereza mu 1924.

Nthambi ya ku America inabwera mu 1932, ndipo inayamba ndi ana akwawo, a m'mabanja okumba malasha ku Kentucky pa nthawi ya mavuto a zachuma. Nkhondo yachiwiri inabalanso zina: Red Barnet ku Denmark mu 1945, Redd Barna ku Norway mu 1946. Mayikowa anali atalawa ulamuliro wa asilikali a Germany, kotero kuvutika kwa mwana sanachite kuuzidwa.

Njirayi inali ndi vuto lake, ndipo sindingalibise. Nthambi zitayamba ntchito ku Africa ndi Asia, dziko limodzi linkatha kukhala ndi maofesi angapo a dzina lomwelo, a ku Britain, a ku America, a ku Norway, aliyense ndi magalimoto ake ndi malipoti ake. Ndalama yogulira phala inkathera pa lendi. Kuyambira cha mu 2010, nthambizo zinagwirizana kuti ntchito za kunja ziziyendetsedwa ndi ofesi imodzi, Save the Children International, koma kutolera ndalama kunatsalabe m'manja mwa nthambi iliyonse kwawo.